Kumwetulira Kumene Ndinang'amba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala zoonda. Sukulu itandikanika, ndinkasesa m'holo ya parishi kwathu ku Bembeke. Tsiku lina a Chisale, amene ankaonetsa kanema m'holomo, analephera kupisa filimu m'timano ta pulojekita, makina oonetsera kanema, ine n'kuwapisira. Basi, ntchito ndiye imeneyo. Lamulo lawo linali limodzi: "Nabanda, ukafuna kuimitsa makina, zimitsa nyali kaye. Filimu ikaima pamoto imapsa."

Patatha chaka ndinkaonetsa ndekha. Ndipamene a Kamwendo, mphunzitsi wa ku Chongoni, anabwera ndi kanema wawo woyamba, wa mtsikana wolowa chinamwali. Za m'tsimba sanajambule, anamkungwi anakaniza. Anangojambula za pabwalo. Filimu yake inali imodzi yokhayo, yopanda inzake, ndipo azungu anayi anabwera kudzaiona kuti mwina apite nayo kwawo.

Masana a tsiku loonetsalo tinatseka mawindo ndi masaka a mbatata. Ndikuyatsa jenereta, analowa tcheyamani wa chipani, osaitanidwa, n'kukhala kutsogolo. Masiku amenewo munthu akanenedwa kuti waipitsa dzina la dziko pamaso pa alendo, ankatengedwa, abale osadziwa kokamuonera. Ine ndinaimirira kumbuyo ndi makina anga.

Poyamba zinayenda bwino. Azungu anakondwera ndi mapiri ndi ng'oma. Kenaka inafika mbali imene namwali wakhala pamphasa atametedwa, wazyolika, akuluakulu akumulangiza mmodzimmodzi. Mayi wina mwa azunguwo anayamba kulira, n'kulankhula mokweza m'Chingelezi kuti mwanayu akuzunzidwa, kodi atsikana a dziko lino amakhala chonchi?

Tcheyamani anaimirira, chithunzi chonse chili pamsana pawo. "Akuti dziko lino latani?"

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinathamangira kuimitsa makina, nyali ili chiyakire. Pakhoma nkhope ya namwali inabooka ngati nsalu yogwera khala, fungo lili guu. Pofuna kupulumutsa, ndinakoka filimu mwamphamvu, timano n'kung'amba timabowo ta m'mbali kutalika ngati mkono wanga.

Tcheyamani, amene Chingelezi sankachimva, anatembenukira kwa ine. Ndinagwada. "Akufunsa chifukwa chimene namwali wazyolikira, bambo. Kwawo kulibe zimenezi, ndiye akuona ngati walangidwa." Za dziko ndinazimeza.

Tcheyamani anayankha kuti, "Nanga ayang'ane akulu m'maso ngati mbuzi? Auzeni kuti ndi ulemu. Mwana wanga anazyolikanso chaka chatha." Anakhala pansi.

Ndinadula pong'ambikapo ndi lumo, n'kupala nsonga ziwirizo, kupaka guluu, kulumikiza. Kanema anatha, azungu anaomba m'manja, tcheyamani anapita. A Kamwendo anagona kwawo tsiku limenelo.

Koma anthu atatuluka m'holo muja, a Kamwendo anatola chidutswa chija pansi n'kuchiunika pawindo. Anandiitana kuti ndione. Munali namwali uja, mayi ake atamufunditsa nsalu yatsopano, akudzutsa mutu n'kumwetulira. M'kanema yense ankamwetulira pamenepo pokha. Ndikanangosiya makina ayende pang'ono, mzungu uja akanayankhidwa ndi mwanayo, ine osatsegula pakamwa.

A Kamwendo sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Filimu inapita kunja choncho. Patapita miyezi anandiwerengera kalata yochokera kumeneko, yoyamikira kanema wawo kuti ndi wachisoni zedi, anthu ankatuluka akupukuta misozi. Ine amene ndinavinidwa chinamwali ndikudziwa kuti tsiku limenelo ndi lachimwemwe, amayi anga analulutira mpaka mawu kusasa.

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri. Aliyense amene ndamuphunzitsa ndimamuuza za nyali, kenaka ndimamuuza kuti munthu akakuwa m'holo, kaya ndi wamkulu bwanji, manja asathamangire ku makina. Chidutswa chija a Kamwendo anandisiyira. Chili m'Baibulo langa, ndipo amene tinamuona mtsikanayo akumwetulira tilipo awiri basi.