Ndinawalira Amayi Anga Akali Moyo

Inu owerenga, ine misozi yanga ndinaiwononga ndili mwana, ndipo ndinaiwonongera zinthu zabodza. Mwina ena a inu munandionapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunali kamtsikana kowonda ka ku Kawale komwe kankakhala mwana wamasiye m'masewero ophunzitsa za Edzi, m'misika, m'masukulu mpaka pa kanema. Kamtsikanako ndinali ine.

Ndinalowa gulu la zisudzo ndili ku pulayimale. Mkulu wa gululo anandisankha chifukwa cha maso anga aakulu, ati ankaoneka achisoni ngakhale ndikuseka. Koma kulira kunkandikanika. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundiphunzitsa njira yake: ndiziyang'ana amayi anga, omwe ankakonda kukhala kutsogolo, n'kumaganiza kuti agona m'bokosi, thonje lili m'mphuno. Ndinayesa. Misozi inangoti mbwee, anthu anaomba m'manja, azimayi ena analira nane limodzi. Amayi anatuluka akuuza aliyense kuti mwana uja ndi wawo.

Kuyambira pamenepo ndinkawaika m'manda pafupifupi Loweruka lililonse. Ku Mgona ndinawalira, ku Chinsapo ndinawalira, tikamaliza tinkakwera minibasi limodzi tikudya chimanga chootcha. Sindinawauzepo chomwe ndinkaganiza ndikamawayang'ana.

Nditakula, ntchito inatha yokha. Palibe amene amafuna wamasiye wamabere. Gulu linapeza kamwana kena, ine sukulu inali itanditaya kale chifukwa chojombajomba. Ndinakhalapo pa katebulo ka telefoni pa depoti, kuimbitsa anthu, mpaka aliyense anagula foni yakeyake. Ndinalukapo tsitsi mu saluni ku Biwi. Kenako ndinayamba kaunjika, ndipo anandiyanja ndithu. Kulikonseko dzina langa linali Kamasiye. Makasitomala ankandipempha kuti ndilireko pang'ono aone, ine n'kumalira kuti malonda ayende.

Amayi anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Mwambo mukuudziwa: mwana wamkazi amakhala m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, ndipo abale akamalowa akulira, naye amawalandira ndi kulira. Ndinakhala pamphasa paja n'kuwayang'ana nkhope. Thonje linali m'mphuno, ndendende momwe ndinalionera kambirimbiri m'mutu mwanga. Sindinamve kanthu. Ndinkangoona kuti chitseko chikulira, kuti wina walowa ndi nsapato, kuti khoma likufunika laimu. Zinali ngati ndikudikira kuti wina aimitse sewero, amayi adzuke tizipita kukakwera minibasi.

Azimayi anayamba kunong'onezana. Azakhali anga ananditsina pantchafu n'kundiuza chapansipansi kuti, "Iwe, anthu osawadziwa unkawalirira mpaka mamina, mayi ako akukukanika bwanji? Anthu ayamba kale kunena kuti unawakhwimira kuti kaunjika aziyenda."

Ndinachita mantha, choncho ndinachita chomwe ndinkadziwa. Ndinakoka mpweya momwe mkulu wa gulu uja anandiphunzitsira, ndinagwedeza mapewa, ndinaitana amayi ndi mawu onjenjemera aja. Misozi inabwera. Kenako mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Eee, ngati pa TV paja!" Sananene mwachipongwe ayi, ankayamikira. Ena anabisa kuseka m'zitenje. Ndinasiyira pomwepo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinalireponso, kaya zoona kaya zabodza.

Kaunjika ndinasiya chifukwa cha mphekesera ija. Panopa ndimasoka zovala pakhonde ku Area 23. Abale ena mpaka lero sadya pakhomo panga, ndipo sindiwaimba mlandu, anaona zomwe anaona. Kumanda ndimapita. Ndimazula udzu, ndimaima kanthawi kudikira kuti mwina china chake chigwedezeka m'chifuwamu, kenako ndimabwerako kudzapitiriza kusoka. Amayi ndinkawakonda kwambiri. Izi ndikuzidziwa m'mutu, monga munthu amadziwira dzina la mudzi wakwawo, koma mumtima muli zii.

Makolo anzanga, sindikuti ana asachite zisudzo. Luso ndi mphatso, ndipo ena lawafikitsa patali. Koma mwana wanu akamalira pamaso pa anthu, iwo n'kumaomba m'manja, musangonyadira. Mukafika kunyumba mukhazikeni pansi, mumufunse chomwe amaganiza kuti misoziyo ituluke. Akakuuzani kuti amaona inu mutafa, mutulutseni m'gululo tsiku lomwelo, ngakhale akulu a gulu akwiye. Amayi anga sanafunse, ine sindinanene, ndipo pa tsiku limodzi lokha lomwe ankayenera kulandira misozi yeniyeni ya mwana wawo, ndinawapatsa ya sewero.