Dzina Lotsiriza pa Mndandanda wa Timu

Fungo la guluu womatira machubu limandibwezera pa Mlare, pansi pa mtengo wa mango pamene adada ankakonzera njinga. Panali beseni lakuda la madzi lofufuzira pobooka, mapampu awiri, ndi mulu wa masipoko opindika umene sankalola munthu kuutaya. Ndinali mu sitandade sikisi. Inali nyengo ya mwera, mphepo ikuulutsa mankhusu a mpunga kuchokera kuchigayo mpaka m'maso mwathu, ndipo akabaza a njira ya ku Ngara ankafika milomo ili mbuu, kuitukwana mphepoyo asanapereke ndi moni.

Mchimwene wanga Vitumbiko anali kunja kwa dziko, m'timu ya akatswiri opalasa njinga zampikisano. Anayambira pa njinga yakabaza imene adada anamulumikizira ndi zitsulo zotola, mpaka anthu a timuyo anamuona pa mpikisano wina n'kumutenga. Ankaimba foni kamodzi pamwezi. Nkhani zina zonse tinkazipeza pa tsamba la timu pa intaneti, pafoni ya Che Jafali, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi golosale moyang'anizana ndi mtengo wathu. Wowerenga Chingerezi ndinali ine. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko, adada n'kubwera akupukuta girisi m'manja, akabaza n'kutizungulira.

Timu imeneyo ndinkaidziwa kuposa anzanga a m'kalasi. Ndinkadziwa amene bondo likumuvuta, amene wadwala chimfine, amene mkazi wake wabereka. Chokhacho chimene chinkandiwawa chinali nambala ya Vitumbiko. Mpikisano uliwonse ndinkatsitsa chala pamndandanda mpaka chala kutopa, n'kukamupeza kumunsi kwenikweni. Pazithunzi ankaoneka atadzaza mabotolo a madzi m'malaya, kumsana ngakhale pachifuwa, akuperekera anzake.

"Abwana, mwana wanu anakwera ndege kukatunga madzi?" wakabaza wina, Mabvuto, anafunsa tsiku lina. Onse anafa nacho chikhakhali. Adada anaseka nawo ndi mano okha, ine ndinkangofuna nthaka itandimeza.

Kenako timu inalengeza kuti chaka chamawa idzatsala ndi anthu khumi ndi awiri okha, ndipo mayina azituluka limodzilimodzi. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panalowa mphepo ina. Amama ankaphika kondowole osayimba monga mwa masiku onse. Ine ndinalemba manambala kumapeto kwa kope la masamu, dzina likatuluka n'kulilemba. Loyamba linali la mtsogoleri wa timu. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi, onse anthu opambana.

Titafika pa dzina lachisanu ndi chiwiri, timu inaika kanema wa mpikisano waukulu wa mwezi umenewo. Tinapanikizana pawindo la golosale, fungo la sopo ndi la usipa wouma lili m'mphuno. Vitumbiko anali kutsogolo, kwa nthawi yoyamba, m'kagulu ka anthu ochepa akukwera phiri. Ndinakuwa mpaka Che Jafali anandigwira phewa. Mwadzidzidzi tayala la mtsogoleri linaphwa. Tisanaphethire n'komwe, Vitumbiko anali atatsika, mtsogoleri wakwera njinga yake, iye akumukankha kumsana. Kanemayo anatha mchimwene wanga ataima yekha m'mbali mwa msewu, atagwira njinga yakuphwa.

"Amulanda njinga masanasana," anatero Mabvuto. Ulendo uno palibe anaseka, ndipo kusasekako kunandipweteka kuposa kuseka.

Adada anabwerera pansi pa mtengo. Ndinawatsatira. Anatenga chubu n'kuchimiza m'beseni, n'kuchisiya momwemo nthawi yaitali ngakhale thovu linali litaonetsa kale pobooka. Kenako anayankhula osayang'ana munthu: "Kuli bwino angobwerako. Machubu omata alipo ambiri kuno."

Mawu amenewo ndinagona nawo. M'mawa mwake, popita kusukulu, ndinapempha foni kwa Che Jafali ngati ndikufuna kuona mayina. Ndinatsegula pamene tinkalemberana ndi Vitumbiko, n'kulemba kuti adada akuti mubwereko, mwatichititsa manyazi mokwanira. Za manyazizo adada sananene, ndinawonjezera ndekha. Nditatumiza ndinafufuta kuti Che Jafali asaone, n'kupita kusukulu ndikudziona ngati munthu amene wakonza zinthu.

Yankho silinabwere. Mayina ndiwo anapitiriza kubwera, mpaka khumi ndi limodzi. Malo anatsala amodzi, ndipo tsamba la timu linangoti zii. Tsiku linapita, lachiwiri, sabata yathunthu. Anthu a m'mayiko ena ankalemba pansi pake kufunsa dzina lotsiriza, ena akutchula Vitumbiko ndi mawu omuyamika amene ndinkawadumpha powerenga, chifukwa ankandisokoneza mutu. Adada anasiya kubwera kugolosale. Ankangotukula mutu ndikamawoloka msewu, ine n'kupukusa wanga, iwo n'kubwerera ku sipanala yawo. Ndinkaopa kuti dzina lituluka la wina, ndinkaopanso china chimene sindinkafuna kuchitchula ngakhale mumtima.

Lachiwiri lina masana, Che Jafali anawoloka msewu foni ili m'mwamba. "Bambo, mwana wanu uyu!" Anatsegula kuti mawu azimveka, poti adada manja anali agirisi. Ine ndinali pomwepo, ndikusankha mavavu a machubu m'chitini.

"Adada, napulika," anatero Vitumbiko. Mawu ake anali otsika, ngati a munthu amene wadwala. "Mawu anu ndinawalandira. Pepala la chaka chamawa a timu anandipatsa kalekale kuti ndisayine, koma ndalisunga. Mawa ndikawauza kuti ndikubwerera kumudzi."

"Mawu ati?" adada anafunsa.

Che Jafali anayang'ana foni yake, kenako ine. Adada anatembenuka pang'onopang'ono. Chitini chinandipulumuka, mavavu n'kumwazika mumchenga. Ndinkadikira mbama, ndipo ndikanailandira mosangalala, koma adada anangondiyang'ana mpaka misozi yanga inayamba yokha.

Analanda foni ndi girisi yemweyo. "Yayi, mwana wane. Khala kwenekuko. Kanema uja ndinamuonanso kawiri ndili ndekha. Palibe anakulanda njinga, unatsika wekha munthu asanakupemphe. Kasayine lero, osati mawa."

Dzina lotsiriza linatuluka Lachinayi. Sindinaliwerenge mokweza, Che Jafali ndiwo anawerenga m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, akabaza n'kuyamba kuliza mabelu a njinga mpaka amayi a pachigayo anatuluka kudzaona. Ine ndinali kuseri kwa mtengo ndikutola mavavu otsala. Adada sanawauze amama, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Koma mwezi wonse wotsatira sanandipemphe kuti ndiwawerengere kanthu.

Vitumbiko anapalasa m'timu imeneyo zaka zina zingapo, osapambana mpikisano ndi umodzi womwe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti timu inazengereza chifukwa inkamukayikira, ndi kuti ine ndinangofikitsa uthenga wa adada. Pano ndimadziwa kuti mtsogoleri sapita patali popanda womutchinga mphepo ndi womupatsa njinga, ndipo munthu wotero timu simutaya. Ndimadziwanso kuti adada pansi pa mtengo paja sankalamula, ankangomusowa mwana wawo. Masiku onse aja tsamba lili zii, timu sinkadikira wina aliyense. Inkadikira mchimwene wanga, amene anali m'chipinda cha dziko lachilendo akuwerenga mobwerezabwereza mawu a mlongo wake, akuyesa ndi a bambo ake.