Amayi ndi Mwala wa pa Phiri la Moto

Amayi anga amaswa miyala m'mbali mwa msewu ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka. Kanyama yense anakhala pathanthwe: ukafuna kukumba chimbudzi umakumana ndi mwala, mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, ndipo azimayi ngati amayi anga amadyera mwala womwewo, kuuswa tizidutswa n'kumagulitsa pa wilibala kwa omanga nyumba. Ine ndinapita kusukulu, kenako ndinapeza ntchito yoyala mabedi m'sitima yapamadzi yonyamula alendo okaona maiko. Anzanga a m'sitimamo akandifunsa za kwathu, ndinkati amayi ali ndi bizinesi ya zipangizo zomangira. Silinali bodza lenileni, koma linali msuweni wake wa bodza.

Nditakhalitsa pantchitopo anandilola kuitana abale awiri kuti ayende nafe mlungu umodzi. Ndinatenga amayi ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono, amene amakazinga zitumbuwa pamsika ndipo pakamwa pawo sipapuma. Tisanakwere ndege ndinawagulira amayi magolovesi akuda, ati panyanja pamazizira. Chimene ndinkabisa chinali manja awo. Zala zawo n'zopindika, zikhadabo ziwiri zinachoka osameranso, ndipo zikhatho n'zokhakhala moti akagwira nsalu yosalala imakola. Ndinkachita nawo manyazi manja amenewo, ndipo sindinkafuna kuti munthu aliyense wa m'sitimamo adziwe chimene chinawapanga choncho.

Tsiku lachinayi sitima inaima pachilumba china cha mapiri olavula moto. Ndinapempha tsiku lopuma, ndipo tinakwera kabasi pamodzi ndi alendo ena, azungu okhaokha, kuphatikizapo mayi wina amene chipinda chake ndinkakonza ndine. Wotionetsa malo anali bambo wachikulire wa pachilumba pomwepo, wachipewa chachikulu, wolankhula Chingerezi chotsimphina ngati changa chomwe. Womasulira wa banja lathu ndinali ine, ndipo ndinali nditakonzeka kusefa mawu.

Titatuluka m'tauni nyumba zinatha, mitengo inatha, udzu unatha, kenako dothi lenilenilo linatha. Kumanzere ndi kumanja kunali mwala wakuda wokhawokha mpaka pamene maso amalekezera, wina wotukumuka, wina wopotana ngati chingwe, wina wabowobowo ngati makala otsala m'mbaula. Kutsogolo kunaima mapiri ofiira ndi achikasu, onse odulidwa pamwamba. Kunalibe mbalame ngakhale imodzi. M'basimo amayi aang'ono, amene amalankhula ngakhale abusa ali pakati pa pemphero, anagwira pakamwa. Ine ndinali nditaona nyanja ndi mizinda yambiri, ndinkadziyesa wopenya, koma apa mantha anandigwira, mantha aja amene sufuna kuti akusiye.

Amayi anakanikiza chipumi pagalasi la zenera. Patapita nthawi anandinong'oneza kuti ndifunse amene anatentha miyala yonseyi, komanso kumene anapeza matayala ochuluka chotere. Kwathu thanthwe likakanika amaliunjikira matayala akale n'kuyatsa kuti lichite ming'alu. Funso limeneli ndinalimeza. M'malo mwake ndinawauza zimene bamboyo ankanena, kuti mwala wonsewu unatuluka pansi uli phala lofiira, n'kumayenderera ngati mtsinje mpaka unauma.

"Iwe, osaninamiza," anatero amayi. "Moto umaphwanya mwala. Manje apa ukamba kuti moto ndiye unabala mwala?"

Tinatsika pamwamba pa phiri limodzi, mphepo ikutikankha. Bamboyo anatapa timiyala ndi fosholo pafupi ndi mapazi athu n'kuthira pang'ono m'manja mwa aliyense, ndipo tonse tinataya msangamsanga chifukwa timiyalato tinkaotcha. Kenako anakhuthulira ndowa ya madzi m'kadzenje n'kutiuza kuti tisunthe. Pansi panalira, ndipo nthunzi inatumphuka ndi mkokomo kutalika kuposa mtengo wamagetsi. Amayi aang'ono anathawa akuitana Yesu, nsapato imodzi kuisiya pomwepo. Atabwerera, mtima utakhala pansi, anati ndimufunse bamboyo ngati pali poloti yogulitsa, poti pamalo otere munthu angakazinge zitumbuwa chaka chonse osagula makala. Limeneli ndinamasulira, ndipo basi yonse inaseka.

Tinayenda mpaka pamlomo pa chidzenje chimene moto unkatulukira kale. Msika wathu wonse ukanalowamo ndi mabasi omwe, malo n'kutsalabe. M'mbali mwake munali mizeremizere yofiira, yakuda ndi yachikasu, ndipo pansi pake sipankaoneka bwino. Bamboyo analoza kumunsi, kumene mtsinje wa mwala unaumira usanafike kunyanja, nati umenewo unatuluka iye ali mnyamata, anauona ndi maso ake ukuyenda. Nditamasulira, amayi anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kuyerekeza zaka zake ndi zawo. Anapeza kuti mwalawo ndi wamng'ono kwa iwo. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti miyala Mulungu anaimaliza pachiyambi pomwe, ndipo tsopano ankamva kuti ntchitoyo idakalipo. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndipo ndinadziwa kuti akupemphera. Ndinali ndisanawaonepo akupatsa mwala ulemu.

Titatsika, bamboyo anatulutsa m'chikwama nyundo ndi mwala wakuda waukulu ngati papaya. Anati wauchotsa kumunda kwake, poti miyala ya paphiripo saloleza kutola, ndipo mkati mwake muli chinthu chimene akufuna tione. Anaumenya kamodzi, kawiri, kasanu, nyundo n'kumangodumpha. Mlendo wina wadzitho anayesako, koma anangobenthula khungu la mwalawo. Pamenepo ndinaona amayi akuvula magolovesi. Ndinawakoka chitenje, koma anachotsa dzanja langa monga amaingitsira ntchentche.

Anatenga nyundo ija ndi mwalawo, kuutembenuza uku ndi uku, kuugogoda pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Kenako anakhala pansi miyendo tambalale, monga amakhalira m'mbali mwa msewu, pamaso pa mayi uja wa chipinda chimene ndinkakonza. Anaukhazika mwalawo cham'mbali n'kuumenya kamodzi kokha, osati mwamphamvu, ndipo unatseguka pakati. Mkati munali timibulu tobiriwira tothinana, towala ngati botolo losweka likaombedwa ndi dzuwa. Alendo onse anaweramira pomwepo. Amayi anayang'anitsitsa timibuluto, nyundo ili m'manja. Anatsegula miyala yosawerengeka pamoyo wawo, ndipo nthawi zonse mkati ankapezamo fumbi loyera basi.

Bamboyo anavula chipewa n'kugwada pafupi nawo. Sanayang'ane timibulu tija, anayang'ana manja awo, kenako anandifunsa kumene mayiwa anaphunzira kumvera mwala. Ndinayankha mwachangu za bizinesi ija ya zipangizo zomangira. Ndinaiwala kuti munthu wa mu Lusaka, ngakhale sanapondeko kusukulu, Chingerezi amachitola m'misewu.

"Wamuuza chani?" anafunsa amayi.

Sanadikire yankho langa.

"Nakumvela. Bizinesi yabwanji? Ine niphwanya myala. Manje nikambe, iwe uzipeleka mwamene nakambila."

Sanakalipe, ndipo zikanandikhalira bwino akanakalipa. Anayamba kufotokoza, ine kumasulira pambuyo pawo ngati womasulira wa m'tchalitchi. Ananena mmene amasankhira thanthwe, mmene limalirira likakhala ndi mng'alu mkati, mmene utsi wa matayala umakhalira pachifuwa masiku atatu. Ananena chifukwa chake woswa miyala amakhala mofulatira mphepo, ndi mmene anzawo amachotserana kachidutswa kolowa m'diso ndi nsonga ya chitenje. Zambiri mwa zimenezi ndinkazimva koyamba, chifukwa ndinali ndisanafunsepo. Sindinasefe ngakhale liwu limodzi. Palibe amene anaseka. Mayi uja wa chipinda anakhala pansi pamwala kuti amve bwino, ndipo amayi aang'ono, kamodzi kokha m'moyo wawo, sanaikepo ndemanga.

Bamboyo anati nawonso bambo ake ankaswa mwala wakudawu ndi manja kuti apeze polima, ndipo manja awo anali otere. Kenako anafuna kudziwa kuti amayi agwira ntchitoyi zaka zingati. Ndinazindikira kuti sindikudziwa, ndipo ndinawafunsa.

"Penda zaka zako," anatero osandiyang'ana, akuyendetsa chala chopanda chikhadabo patimibulu tija, "uikepo na myezi naini. Ninayamba uli m'mimba."

Bamboyo anadikira yankho chipewa chili m'manja. Chimenechi ndinalephera kumasulira, ndipo ulendo uno sichinali chifukwa cha manyazi.