Makapu a Ana a ku Koleji

Sikisi koloko m'mawa inakwana a Mabulangeti ali kale pampopi, akutsuka makapu amene sanali akuda. Makapuwo ndi oyera, a timaluwa tobiriwira m'mphepete, ndipo chaka chonse amakhala m'kabati kuseri kwa galasi. Amatuluka nyengo imodzi yokha, ana a ku koleji akayamba kuzungulira ndi mafunso awo.

Ine ndimakhala khomo loyandikana ndi lawo. Mpopi ndi umodzi, chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzi, choncho zambiri za mayiwa ndazionera pamenepo.

"Alendo lero?" ndinafunsa.

"Anaimba dzulo. Akuti abwera awiri, mnyamata ndi mtsikana. Koma ana asukulu, aneba, awiri amadya ngati kalasi yonse. Mundibwereke mipando ija."

Dzina loti a Mabulangeti anachoka nalo ku fakitale yoluka mabulangeti, kumene anagwira ntchito kuyambira ali mtsikana mpaka tsiku limene inatsekedwa. Ntchito yawo inali yopinda m'mphepete pamakina kuti ulusi usamasuke. Mpaka lero akaona bulangeti pachingwe, kaya ndi la ndani, amayamba aligwira m'mphepete kenako n'kupukusa mutu. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, ali kutali ndipo amaimba foni akakumbuka. Fakitale ija pano amasungiramo matayala. Pali masiku amene mawu okha otuluka pakamwa pawo ndi moni amene timapatsana pampopi, ena onse amalankhula ndi wailesi.

Koma ali ndi nkhani imodzi imene anthu ophunzira amaifuna. Chaka china tsitsi la mtsikana wina linakodwa m'makina. Atapita naye kuchipatala, kapitawo anati ntchito ipitirire. Mnzawo wa a Mabulangeti, wa pamakina oyandikana, amene onse ankamutcha Kamfupi, anakoka mpando, n'kukwera, n'kuzimitsa magetsi a holo yonse. Sanalankhule chilichonse. Azimayi onse anangokhala pansi pamilu ya mabulangeti, ndipo sanadzukepo mpaka eni fakitale atavomera kuika zotchingira pamakina. Kamfupi anamuchotsa ntchito pambuyo pake, ndipo anamwalira fakitaleyo isanatsekedwe.

"Nanga inuyo munatani?" ana asukulu amafunsa choncho chaka chilichonse.

"Ine ndinagwira mpando," amayankha.

Mphunzitsi wina wa ku koleji ndi amene anaitulukira nkhaniyi, n'kuyamba kutumiza ophunzira ake a chaka choyamba kuti adziwe kufunsa munthu mafunso ndi kulemba zimene wanena. Kuyambira pamenepo, nyengo yawo ikafika, a Mabulangeti amasesa mpaka kuseri kwa nyumba, amasita diresi labuluu, amagula mkaka ndi buledi, amachotsa wailesi pakhoma kuti ana apeze potchajira mafoni. Amafotokoza nkhaniyo pang'onopang'ono kuti olemba asatsalire. Batire la foni yojambulira mawu likatha pakati pa nkhani amadikira, n'kuyambiranso pamene anasiyira. Wamanyazi amamuthandiza ndi kumufunsira funso lake lomwe. Akamaliza amawaperekeza mpaka kumsewu, n'kubwerera kudzatsuka. Sindinamvepo munthu akutchula zimenezi kuti ndi ntchito, ngakhale iwo eni.

M'zolemba za anawo dzina lawo silipezeka. Lamulo la kusukuluko ndi loti munthu wofunsidwa asatchulidwe, ndiye iwo ndi "Wofunsidwa B".

"Akuti n'kunditeteza," anandiuzapo akuseka. "Koma A yo ndi ndani, aneba? Timagwira naye fakitale imodzi koma sindinamuonepo."

Gulu lina linasonkhanitsa zimene ananena n'kupanga kabuku. Anawabweretsera kamodzi. Ndi ka Chingerezi, zilembo zake zing'onozing'ono ngati nyerere, ndipo kamakhala pamwamba pa kabati, kovundikiridwa ndi kansalu kuopa fumbi.

Tsiku limenelo alendo anafika dzuwa lili pamutu, madzi a tiyi atawira n'kuzizira kangapo. Mtsikanayo anali wa magalasi, mnyamatayo wamtali, atakolekera chikwama cha laputopu. Ndinali nditabweretsa mipando, ndipo a Mabulangeti anandikodola kuti ndikhale ndiwathandize kuthira tiyi.

Atamwa pang'ono, mayiwa anawongola diresi pamaondo monga amachitira nthawi zonse.

"Ndiyambire pati, ana anga? Ena amafuna tsiku limene ndinalembedwa ntchito, ena amafuna ndipite kumagetsi komweko."

"Ayi mayi, musavutike," anatero mtsikanayo. "Zimenezo tili nazo kale. Ife ndi a chaka chachitatu. Ntchito yathu ndi yoyerekezera buku lija ndi filimu yake. Timafuna timve kuti inuyo mwakonda chiti."

"Filimu yanji?"

Anawo anayang'anizana. Zinapezeka kuti ophunzira ena, a zisudzo, anatenga kabuku kaja n'kupanga filimu, ndipo inaonetsedwa kusukuluko holo itadzaza. Aliyense ankaganiza kuti mnzake anawauza mayiwa.

"Iii, pepani kwambiri," anatero mnyamatayo, akutsegula kale laputopu. "Ndi yaifupi. Muionere pompano."

Tinasendeza makapu. Ndinatseka katani chifukwa kuwala kumasokoneza. A Mabulangeti anavala magalasi awo n'kuyandikira.

Pafilimupo panali holo ya makina, ndi mtsikana wamtali, wokongola, tsitsi litagwera m'mapewa.

"Tsitsi limenelo pamakina?" anatero mayiwa. "Akanamubwezera pageti."

Anawo anaseka. Filimu inapitirira. Munthu anakuwa, anthu anathamanga, kapitawo wamimba yaikulu anakalipa. Kenako mtsikana wamtali uja analumphira patebulo, n'kulankhula mawu ambiri atakweza chibakera, nyimbo ikulira pansipansi. Atamaliza anatambasula dzanja n'kuzimitsa magetsi.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi inuyo, mayi."

"Ine? Nanga Kamfupi ali kuti?"

Mnyamatayo anakanda kumutu. "Anakuphatikizani. Mufilimu anthu awiri ofanana ntchito amasokoneza oonera, ndiye amatenga awiriwo n'kupanga mmodzi. Zimachitika kawirikawiri."

"Ndi zimene ndalemba ine," mtsikanayo analowerera. "Buku lasunga onse awiri, filimu yameza mmodzi. Koma uyu akuti filimu ndiye yabwino."

"Buku lija ndi mankhwala a tulo, iwenso ukudziwa. Ndinakupeza utagona nalo mulaibulale, pakamwa pali yasa."

"Bola ine ndinagona nditafika pakati. Iwe unawerenga chikuto chokha."

"Chikuto ndi mawu oyamba, usandinamizire. Koma nenani inuyo, mayi," anatembenukira kwa ine ngati ndine woweruza, "ndani angakhale pansi kuonera munthu atangogwira mpando?"

A Mabulangeti anali akuyang'anabe pa laputopu, pamene mayina a osewera anali kukwera pang'onopang'ono.

"Mpandowo unali ndi mwendo umodzi waufupi," anatero. "Ndipo mnzangayo ngakhale atakwera anachita kunyang'ama. Sanalankhule. Anali wachibwibwi."

Mtsikanayo anatenga cholembera, kenako anachibwezera pansi. "Zimenezo n'zabwino kwambiri, mayi. Kungoti pa ntchito iyi aphunzitsi akufuna chilichonse tisonyeze tsamba la m'buku kapena mphindi ya mufilimu, kuti wina akafuna akachipeze. Zachibwibwizo m'buku mulibe."

"Sanandifunse," anatero mayiwa. "Onjezerani tiyi, aneba. Buledi uyo musamusiye, ana inu, ine ndekha sindingamuthe."

Anadya. Anafunsanso funso lawo lija, buku kapena filimu, ndipo iwo anati bukulo sanaliwerenge chifukwa cha maso, koma filimuyo nyimbo yake ndi yabwino. Mnyamatayo analemba zimenezo. Anapempha kujambula chithunzi, a Mabulangeti atanyamula kabuku kaja, ndipo ine ndi amene ndinawajambula atatuwo.

Anawo akulongedza, mayiwa anafunsa zimene zinali pamtima pawo kuyambira m'mawa.

"Nanga azing'ono anu a chaka choyamba abwera liti? Mundiuziretu, kuti ndidziwe za mkaka."

Nkhope ya mtsikanayo inawala ngati munthu amene wakumbukira mphatso imene anaiwala m'chikwama.

"Eya, aphunzitsi anatituma tikuuzeni! Akuti takuvutitsani zaka zambiri, chaka chilichonse mafunso omwewomwewo. Mawu anu onse anawasunga mulaibulale, buku lilipo, filimu ilipo. Kuyambira chaka chino a chaka choyamba azimvera komweko. Akuti tsopano mupume."

"Zoona, mayi," anawonjezera mnyamatayo. "Ifenso tinati si bwino. Munthu wamkulu kumangomudzazira m'nyumba, kumuthera shuga."

Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ankadikira kuti mayiwa asangalale. A Mabulangeti anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa diresi, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Mukawauze aphunzitsi kuti zikomo," anatero. "Aganiza bwino."

Anawaperekeza mpaka kumsewu monga mwa nthawi zonse. Ndinawaona ataima pamenepo, dzanja lili pachipumi, mpaka anawo atakhota pagolosale. Ankakanganabe za buku ndi filimu, mawu awo akumveka kutali.

Madzulo ndikuanula zovala, iwo anali pampopi ndi makapu aja. Ulendo uno anali akuda ndithu. Anatsuka imodziimodzi, n'kupukuta, koma sanawalowetse m'kabati. Anawasanja pathireyi pakhonde, n'kukhala pambali pake. Wailesi anali asanaibwezere pakhoma, choncho m'nyumbamo munali zii.

Ndinapita kukatenga mipando yanga. Woyamba ndinanyamula n'kupita nawo. Nditagwira wachiwiri anaika dzanja pamsana pake.

"Uwu usiyeni, aneba."

Ndinausiya.

"Mawa muli ndi zochita zambiri?"

"Kuchapa basi, ndi kupita kumsika."

"Mukachoka kumsikako mudzabwere. Mudzakhale apa, mudzandifunse za Kamfupi."

"Nkhaniyo ndimaidziwa, mayi. Chipupachi n'chopyapyala."

"Ndikudziwa kuti mumaidziwa. Ana ajanso amabwera ataimva kale kwa anzawo." Anatembenuza kapu imodzi kuti chogwirira chake chiyang'ane mbali imodzi ndi zinzake. "Inu mudzangofunsa. Mudzayambe ndi funso lakuti ndinalembedwa ntchito liti, enawo ndidzakuthandizani. Ndipo ndikadzafika pa mpando paja, musadzandithamangitse. Mudzandifunse kuti Kamfupi ankalankhula bwanji. Tiyi ndidzaika ine, mkaka watsala."