Chala cha batate pa webusaiti ya mipando

Mwachoma bwanji banja.

Lelo ba Mercy, bamene batipangila webusaiti ya shopu yathu ya mipando ku Kalingalinga, babwela na mapulogalamu yabili yoikila vithunzi na mitengo, kuti tisankhepo imozi. Yoyamba ni yokongola maningi, koma kusintha chilichonse mpaka kuitana beve. Yachibili ioneka wamba, koma munthu ungasinthe weka pa foni.

Batate bati bayese yachibili. Foni yakana chala chabo, chinauma kudala na guluu. Bapukuta pa ovolosi, yakana futi. Pothela badina na kachala kang'ono, chithunzi cha bedi chalowa!

Baseka, bati, "Shopu yamene makiyi basunga bena si yako."

Ine nifuna yokongola, sininganame. Manje imwe mukuti bwanji? Mukasankha yanga, batate mukabauze mweka.