Mmene a Tusekile Anakagonera ku Matema

Mukafika ku Chilumba n'kufunsa za a Tusekile, anthu ayamba akufunsani kuti, "Ati? Aja anapita kunja?" Ndi omwewo. Kunjako ndi ku Tanzania, ulendo woti munthu akadya chinangwa m'mawa kuno amakafika njala isanalume bwino. Koma musakayerekeze kunena zimenezo iwo ali pafupi.

Kwawo ndi ku Iponga, kufupi ndi malire. Anabwera kuno atakwatiwa ndi a Gordon Kondowe, telala wa pakhonde la golosale, munthu wofatsa moti nkhuku zimamuikira mazira m'nsanza zake iye akuona. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Tusekile ankachapa nsalu za pabedi pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene kumafikira azungu aja oyenda awiriawiri ndi zikwama zazitali kumsana. Ankawadziwa anthu amenewa kuposa amayi awo owabala. Ankadziwa wogona ndi mchenga kumapazi, wodyera mango pabedi, ngakhale amene chibwenzi chamuthera panjira, poti pilo wake ankakhala wonyowa. Zaka zonsezo ankalowera pa kageti ka kuseri, kodutsa padzala. Geti lalikulu linali la alendo.

Chaka chatha loji ija inagulidwa, ndipo mwini watsopanoyo anabwera ndi makina ochapira. Anawatsanzika ndi mawu okoma, chitenje, ndi chikwama chachikulu chofiira chimene mtsikana wina wa ku Germany anasiya lamba wake ataduka.

A Tusekile anafika nacho n'kuchiponya pa makina osokera a amuna awo, amene amawaitana kuti Awiske Ipyana, kutanthauza bambo ake a Ipyana.

"Awiske Ipyana, sokani ichi. Mukamaliza musokenso chanu. Tikupita."

"Kuti nanga? Kwagwa zovuta?"

"Munthu sangayende mpaka wina afe? Ndikufuna ndikalowere pa geti lalikulu, dzina langa lilembedwe m'buku la alendo, ndigone pabedi loyala munthu wina. Kamodzi kokha. Kenako mudzandiike m'manda mwamtendere."

A Gordon anati malo otere alipo ambiri kuno konkuno. Iwo anakana. Kuno aliyense akuwadziwa, ndipo akanangofika pakhomo wina akanawapatsira sopo asanakhale n'komwe pansi. Mwana wawo Ipyana, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, ndiye anawapezera malo pafoni ku Matema, kumutu kwenikweni kwa nyanja, tsidya la Tanzania.

Nkhani inamveka msika wonse. A Eunice, ogulitsa tomato, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Anyina Ipyana, zoona mukawoloke malire kukaona nyanja yomweyi mumatsukiramo mbale?"

"Nyanja imeneyi ine ndimaiona nditawerama," anatero a Tusekile. "Ndikufuna ndikaione nditakhala pampando. Inu tsalani muzithamangitsa ntchentche."

Tsiku la ulendo a Gordon anatulukira atavala jekete la kutchalitchi, kumsana kuli chikwama chosoka okha ndi zotsalira za mayunifolomu a ana asukulu, uku chabuluu uku chobiriwira. A Tusekile nawo anayesa kubereka chawo chofiira chija monga ankaonera eni ake akuchitira. Anayenda kuchoka pakhonde kufika pamjigo, n'kuchigwetsa pansi phi!

"Msana uwu unabereka ana asanu. Unapuma pantchito."

Anapinda nkhata, chikwama pamutu chopingasa, malamba ali lendelende m'makutu. Anayenda choncho mpaka pasiteji, manja akugwedezeka ngati alibe kanthu. Minibasi mpaka ku Karonga, ina mpaka ku Songwe, pamlatho kuyenda wapansi, kenako Kyela, kenako basi yodzaza nthochi ndi matumba a mpunga. Paliponse pamene atsika, chikwama chinkabwerera pamutu.

Anafika ku Matema dzuwa lili paliwombo. Patsogolo pawo pankayenda azungu awiri amene anatsika nawo basi imodzi, atawerama ngati akufunafuna singano. Mlonda wa pamalopo, bambo wa imvi zake, anawatsegulira geti akumwetulira. "Karibu, karibu!" Atafika a Tusekile, mkono wa mlonda unatsika ngati mtengo wa pa rodibuloko.

"Mugonile, mama," anapereka moni m'Chinyakyusa, chimene kwa mwana wa ku Iponga ndi chilankhulo cha pakhomo. "Katundu wa alendo tulani pompano, ndiwapititsira ndine. Ngati mwatenganso usipa kapena nthochi, khitchini ili kuseri. Tsatani mpandawu."

Kuseri. A Tusekile anayang'ana kanjira kaja kotsata mpanda, ndipo anakadziwa ngakhale anali asanakapondepo. Kumapeto kwake kukakhala dzala, chingwe choyanikira, ndi mayi wina atawerama pabeseni.

"Chikwamachi n'changa," anatero. "Ndine mlendo."

Mlonda anaseka mwaulemu ndithu. Anati malo ano ndi a anthu oyenda maulendo, ndipo anthu oterowo iye amawadziwa, wakhala pagetipo zaka zambiri. Nyumba zogona anthu wamba zili kumsika. Anayang'ananso jekete la a Gordon n'kuwonjezera kuti ngati abusa abwera kumsonkhano, tchalitchi chili kumtunda.

A Gordon anasendera pafupi, nanong'ona. "Anyina Ipyana, tangochiikani kumsana. Pang'ono pokha, kungolowera. Akuonani ndi cha pamutucho, n'chifukwa chake."

"Ndiye kuti ndiwerame kuti andikhulupirire?"

"Sinditero ayi, koma anthu akutiona."

"Azitiona. Anabwera kudzaona zinthu."

Anaponda pakati penipeni pa geti n'kuima nji. Tsono geti lake linali lopapatiza, ndipo chikwama chopingasa chija chinagunda nsanamira zonse ziwiri. Wolowa analibe polowera, wotuluka analibe potulukira. Atsikana atatu ochokera kosambira anaima panja atakulunga matawulo. Mkati, mzungu wina wofuna kuthamangira basi ankangoyang'ana wotchi. Mlonda anachonderera, anaopseza kuti aitana apolisi, anachondereranso. Munthu amene ankasenza beseni la nsalu zonyowa kukwera nalo mtunda tsiku ndi tsiku mungamutopetse ndi kachikwama ka zovala? Khosi silinagwedezeke n'komwe. A Gordon, poona kuti zafika apa, anavula chawo n'kuchikhalira pafupi ndi mapazi a akazi awo, akupukuta thukuta.

"Ine ndinakuuzani," a Gordon anauza mlonda uja. "Ayi, sindinakuuzeni, koma ndikanakuuzani mukanandifunsa. Awa simungawasunthe."

Phokosolo linatulutsa mayi wa pa ofesi, dzina lake Rukaiya, buku lili m'manja. Anafunsa dzina. Anayendetsa chala pamzere, chinaima.

"Kondowe, anthu awiri, Malawi. Takhala tikukudikirani kuyambira m'mawa."

Mlonda anavula chipewa, natambasula manja kuti alandire katundu. A Tusekile anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndaga, bambo," anathokoza m'Chinyakyusa. "Koma chafika pano chokha, chikafikanso chokha."

Anapotoloza khosi pang'ono kuti chikwama chiloze kutsogolo, n'kulowa. Anadutsa pakati pa matebulo pamene alendo ankadya, osafulumira. M'bukumo analemba okha. Sukulu anailekera patali, choncho zilembo zinatuluka zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani, dzina limodzi kudya mizere iwiri. Rukaiya sanawafulumizitse.

Chipinda chake chinali cha anthu asanu ndi atatu, mabedi osanjikizana, zovala zamkati za eni ake zili yanikeyanike pazenera. A Gordon anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Tigona muno? Ndi ana a eni ake? Akamva a kumpingo?"

"Akamva kwa ndani? Inu mugona pansipa. Ine pamwamba."

Rukaiya anati mayi wamkulu ngati iwo angapatsidwe bedi lapansi. Iwo anali atayamba kale kukwera, chitenje atachikwinyira m'mawondo, makwerero akulira. Atafika anagona chagada masanasana, nsalu yoyera ikununkhira dzuwa. Anaigwira m'mphepete, naipenda mmene aipindira. Sinapindidwe moipa.

Posakhalitsa munalowa mayi wina ndi tsache ndi ndowa, wa msinkhu wawo womwewo, manja otuwa ndi sopo. Anapereka moni, nati dzina lake ndi Ambokile. A Tusekile anadzuka msangamsanga, mwendo umodzi unali utapeza kale kwerero loyamba.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Gordon ali pabedi lapansi.

Mwendo uja unaima m'malere. A Ambokile anayang'ana mwendowo, anayang'ana manja a mlendoyo, n'kuseka chapansipansi.

"Bwezani mwendowo, mama, ndisese. Mukatsika ndikupatsani ndowa."

A Tusekile anaubweza. Anagonanso, manja kunkhongo.

"Awiske Ipyana, kwezani mapazi, munthu akugwira ntchito. Mukatero mukafunse ngati tiyi amabweretsa kuno kapena timakamwera pampando panja."