Mzere Wachiwiri Kuchokera Pamwamba

Malume anga anagwira ntchito pa chipilala cha asilikali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chipilalacho ndi khoma lalitali la mwala wakuda, lolembedwa mayina a anyamata amene anafera ku nkhondo, ndipo ntchito yawo inali kulitsuka. M'mawa uliwonse ankamangirira burashi kunsonga kwa nsungwi n'kuyamba kukwecha kuchokera pamwamba, poti nkhunda sizidziwa kuti pano ndi pamalo a ulemu.

Anthu ankawatchula kuti a Musakwere. Dzinali anadzipezera okha. Munthu akangoponda tsinde la khomalo kuti ajambulitse, mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Mayi anga ankawaseka kuti, "Achimwene, mwala umenewu mumausamala kuposa alamu anga." Iwo ankangoti, "Mwalawu suyankha mwano." Anali munthu wamakani, ndipo sindibisa, ineyo nthawi zambiri ankanditopetsa.

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi chipata, choncho za tsiku limenelo ndinaziona ndi maso anga. Linali Lachiwiri wamba, lopanda malipenga kapena nkhata za maluwa. Kunafika gogo wina wosaona, wowonda kwambiri, atagwira mkono wa mwana wake wamkazi. Anali atayenda ulendo wa tsiku lathunthu. Mwana wake wamwamuna anaphedwa ku nkhondo zaka makumi atatu zapitazo, koma gogoyo anali asanafikepo pamalopo.

Ine ndinasiya kusoka n'kusendera pafupi. Mwana wamkaziyo analipeza dzinalo pa mzere wachiwiri kuchokera pamwamba, pamene ngakhale munthu wamtali sangafikire, n'kuliwerenga mokweza.

"Kumva ndamva," anatero gogoyo. "Koma ine maso anga ndi manjawa. Ali pati?"

"Ali m'mwamba, amayi," anayankha malume. "Pano sakwera. Ndi lamulo."

"Chabwino, bambo. Kungoti sitinamuike m'manda. Anatibweretsera kalata ndi chipewa basi. Ndimati mwina ndimukhudzeko."

Sanadandaulenso. Anatembenuka, ndodo patsogolo. Mwana wake anawanong'oneza malume kuti a dokotala anena kale, ulendo ngati umenewu sudzachitikanso. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinali nditayamba kale kuwakonzera malume mawu oti ndikawalalatire madzulo.

Anthuwo atatsala pang'ono kutuluka pachipata, malume anaponya nsungwi pansi.

"Taimani kaye!"

Analowa m'kachipinda ka zipangizo n'kutulutsa makwerero amene ankagwiritsa ntchito kamodzi pachaka. Anaitana mlonda kuti agwire mbali imodzi, n'kundikodola ine.

"Iwe, bwera ndi nsalu yolimba."

"Malume, nanga msana wanu uja?"

"Ndakufunsa za msana?"

Anagwada. Tinamukweza gogoyo kumbuyo kwawo, ine n'kumanga nsalu pachifuwa pawo mfundo ziwiri. Mlonda ankangoyang'ana kumsewu, kuopa kuti akuluakulu angatulukire. Malume anakwera pang'onopang'ono, kupuma pa sitepe iliyonse, mpweya ukumveka ngati wa munthu wokankha wilibala pamtunda. Atafika, anagwira dzanja la gogoyo n'kuliika pa chilembo choyamba.

Zala zija zinayenda m'mizere yogobayo mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Kenaka gogoyo anatembenuza dzanja, n'kugunditsa kuseri kwake pamwalapo, monga amachitira mayi pamphumi pa mwana wodwala.

"Watentha thupi," anatero. "Dzuwa limamuwomba chonchi tsiku lonse?"

"Kuyambira masana, amayi."

Mwana wamkazi uja anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Ine ndinalira poyera, manja ali pa makwerero. Patapita nthawi malume anafunsa motsitsa mawu, "Ndikutsitseni, amayi?"

Dzanja la gogoyo linali litasendera kale kumanja, kumene kunayambira dzina lina.

"Nanga uyu wagona naye pafupiyu, amake amabwera?"

Malume ankadziwa aliyense amene ankaima pakhoma limenelo.

"Sindinawaonepo, amayi."

"Ndiye pendekekani pang'ono, bambo, ndimugwireko nayenso."

Malume analuma mano, n'kupendekera kumanja.